Mbiri ya a Thomas Graham, katswiri amene anaphunzitsa dziko kusefa ndi kusunga mpweya

A Thomas Graham anali katswiri wa sayansi wa ku Scotland amene anabadwa m'caka ca 1805 ndi kumwalira mu 1869. Kwa zaka 40 iwo analimbana ndi funso limodzi limene linkaoneka ngati lopanda phindu kwa anthu wamba: kodi mpweya umadutsa bwanji m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo kodi timabowoto tingathe kupatula mtundu umodzi wa mpweya ku unzake?

Mayankho amene anapeza ali pa maziko a nchito zambiri za lero zopatula ndi kusunga mpweya, komanso zosefa magazi a anthu odwala impso. Nzeru zomwezo zinathandizanso kupanga bomba la nyukiliya. Kuonjezera apo, a Graham ndiwo anaphunzitsa kemisitiri a David Livingstone, amene mtima wawo unaikidwa m'dziko lino la Zambia.

Mwana amene anakana ubusa

A Graham anabadwira mu mzinda wa Glasgow m'mwezi wa Disembala. Atate awo, a James Graham, anali munthu wopeza bwino amene anali pa malonda opanga nsalu, ndipo anafunitsitsa kuti mwana wawoyo akhale mbusa mu mpingo wa Church of Scotland. Ndi colinga cimeneci anamutumiza ku yunivesiti ya Glasgow mu 1819, ali ndi zaka pafupifupi 14.

Kumeneko mnyamatayo anakumana ndi mphunzitsi wa kemisitiri, a Thomas Thomson, ndipo mtima wake unatembenukira ku sayansi. Atatsiriza ku Glasgow anapita ku Edinburgh kukapitiriza maphunziro omwewo. Atate ake ataona kuti za ubusa zalephereka, anakwiya ndi kuleka kumuthandiza ndi ndalama. Amene anamucirikiza pa nthawi yovutayi anali amai ake ndi mlongo wake, pomwe iye mwini ankapezako ndalama pang'ono mwa kuphunzitsa ndi kulemba.

Mu 1826, ali ndi zaka 20, a Graham anafalitsa kafukufuku wawo woyamba, wonena za m'mene zinthu zamadzimadzi zimameza mpweya. Mu 1829 anayamba kuphunzitsa pa Mechanics' Institution, sukulu la amisiri mu Glasgow, ndipo mu 1830 anasankhidwa kukhala pulofesa wa kemisitiri pa Anderson's University mu mzinda womwewo.

Kapaipi kagalasi ndi pulasitala

Mpweya umene anthu amapuma si wamtundu umodzi. Pa magawo 100 alionse, pafupifupi 78 ndi naitrojeni, 21 ndi okosijeni, ndipo otsalawo ndi mitundu ina. Mitunduyi imasiyana kulemera, koma siikhala mosanjikizana monga mafuta pamwamba pa madzi. Imalowana yokha mpaka kusakanikirana kotheratu. M'masiku a Graham akatswiri ankadziwa kuti zimenezi zimacitika, koma panalibe amene anali atayeza bwino liwiro lake.

Mu 1823 katswiri wa ku Germany, a Johann Döbereiner, anaona cinthu codabwitsa. Iwo anasunga haidrojeni, umene ndi mpweya wopepuka koposa yonse, m'botolo lagalasi lovundikira pa madzi. Botololo linali ndi kamng'alu kakang'ono. Patapita nthawi madzi anakwera m'botolomo, kusonyeza kuti haidrojeni anali kutuluka pa mng'alupo msanga kuposa m'mene mpweya wakunja unali kulowera.

A Graham anatenga nkhaniyi ndi kuiyeza mosamala. M'malo modalira mng'alu, anatenga kapaipi kagalasi ndi kutseka kumwamba kwake ndi pulasitala, wofanana ndi uja amamangira mafupa othyoka ku cipatala. Pulasitala akauma amakhala ndi timabowo tosawerengeka, monga m'mene mtsuko wadothi umakhalira ndi timabowo tomwe madzi amadutsamo pang'onopang'ono mpaka mtsukowo kunyowa kunja. Kumunsi kwa kapaipiko anakumiza m'madzi, ndipo m'kati anadzazamo mpweya umene anafuna kuyeza.

Nchitoyi inafuna kuleza mtima. Pamene mpweya unali kutuluka ndipo madzi anali kukwera, a Graham ankatsitsa kapaipiko pang'onopang'ono kuti madzi a m'kati ndi a kunja akhale pa mulingo umodzi, kuopa kuti mpweyawo ungakankhidwe ndi mphamvu ina. Anabwereza zimenezi ndi mitundu yosiyanasiyana ya mpweya. Pa haidrojeni anapeza kuti magawo 3.83 amatuluka pomwe gawo limodzi lokha la mpweya wamba likulowa.

Kucokera m'ziwerengerozi anapeza lamulo limene mpaka lero limadziwika ndi dzina lawo. Mpweya wopepuka umadutsa m'timabowo msanga kuposa wolemera, ndipo kusiyanako kuli ndi muyeso wake. Mpweya wopepuka kanai kuposa unzake umadutsa mofulumira kawiri. Wopepuka ka 9 umafulumira katatu. Haidrojeni ndi wopepuka ka 16 kuposa okosijeni, motero amadutsa mofulumira kanai. A Graham anapereka zotsatirazi ku bungwe la Royal Society of Edinburgh mu 1831, ndipo bungwelo linawapatsa mendulo ya Keith.

Iwo anazindikira msanga tanthauzo la lamuloli. Ngati mitundu iwiri ya mpweya ili yosakanikirana koma imathamanga mosiyana, ndiye kuti cinthu ca timabowo cingathe kuipatula, monga m'mene sefa imapatulira ufa ndi misere.

M'kalasi la ku Glasgow

Amene anaphunzira kwa a Graham anawakumbukira monga munthu wofatsa ndi wamanyazi, amene ankadodoma polankhula pamaso pa gulu. Mphamvu yawo inali m'cipinda coyeseramo zinthu, momwe ankalola ophunzira kugwira zipangizo ndi manja awo, cinthu cimene sicinali cofala m'masukulu a ku Britain pa nthawiyo.

Mmodzi mwa ophunzira a makalasi awo a madzulo anali James Young, mnyamata amene masana ankagwira nchito ya ukalipentala ndi atate ake. A Graham anaona luso lake ndi kumutenga kukhala wothandizira wawo. Mu 1836 m'kalasimo munalowa mnyamata wina wocokera ku fakitale ya thonje ya ku Blantyre ya ku Scotland, amene anali kuphunzira za udotolo. Ameneyu anali David Livingstone.

Ubwenzi wa anyamata awiriwa unakhala wa moyo wonse. A Young analemera kwambiri atayamba kupanga palafini kucokera ku malasha ndi miyala ya mafuta, njira imene analembetsa mu 1850, ndipo anapereka ndalama zothandizira maulendo a Livingstone mu Africa. A Livingstone atamwalira kwa mfumu Chitambo mu 1873, a Young ndiwo analipirira ulendo wa a James Chuma ndi a Abdullah Susi wopita ku Britain mu 1874. Awiriwa ndiwo anatsogolera gulu limene linanyamula mtembo wa a Livingstone mpaka ku gombe la nyanja ya mcere.

Ku London ndi ku nyumba yosulira ndalama

Mbiri ya a Graham inakula mu 1833 pomwe anafotokoza kusiyana kwa mitundu itatu ya asidi wa phosphate, nkhani imene inali itazunguza akatswiri ambiri. Mu 1836 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society ya ku London, ndipo mu 1837 anasamukira ku University College London monga pulofesa wa kemisitiri. Analemba buku la ophunzira lochedwa Elements of Chemistry, limene linamasuliridwanso m'Cijeremani. Mu 1841 anathandiza kukhazikitsa bungwe la Chemical Society of London ndi kukhala mtsogoleri wake woyamba.

Ngakhale anatanganidwa motere, sanasiye za mpweya. Mu 1846 ndi 1849 anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti mpweya wotulukira pa kabowo kamodzi kakang'ono ka m'citsulo copyapyala umatsatira lamulo lija la kulemera, koma woyenda m'kapaipi katali kopapatiza umatsatira lamulo lina. Apa anaphunzira kuti kukula ndi kapangidwe ka bowo n'kofunika monga m'mene mtundu wa mpweya ulili wofunika.

Mu 1855, caka cimene a Livingstone anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, a Graham anasiya uphunzitsi ndi kulowa m'malo mwa a John Herschel monga mkulu wa Royal Mint, nyumba yosulira ndalama zacitsulo za dziko la Britain. Udindowu unali utakhalapo m'manja mwa a Isaac Newton. Kwa zaka zingapo kafukufuku wawo anaima, kamba ka nchito yaikulu yocotsa makobiri akale a kopa ndi kuika atsopano a bronze, imene inayamba mu 1860. Nchitoyi itakhazikika, iwo anabwerera ku zoyesa zawo, ndipo zaka zawo zotsiriza zinakhala zobala zipatso kuposa zonse.

Mu 1861 anaonetsa kuti zinthu zosungunuka m'madzi nazonso zingathe kusefedwa. Anakunga pepala lapadera pa mkombero monga cikumba pa ng'oma, kuthiramo madzi osakaniza ndi zinthu zosiyanasiyana, ndi kuuyandamitsa pa madzi oyera. Mcere ndi shuga zinadutsa pepalalo, koma zinthu zonanda monga ulimbo wa mitengo ndi coyera ca dzira zinatsalira. Zinthu zotsalirazi anazicha colloid, kucokera ku liwu la Cigiriki lotanthauza guluu, ndipo njira yosefayo anaicha dialysis. Ndi njirayi anakwanitsa kupatula urea mu mkodzo. Mu 1862 Royal Society inawapatsa mendulo ya Copley, ulemu waukulu koposa wa bungwelo.

Kaliwo, mphira ndi palladium

Mu 1863 a Graham anabwerera ku maganizo awo akale opatula mpweya. Anatenga mapaipi aatali a kaliwo wadothi, uja anthu ankakokera fodya, ndi kuwaika m'kati mwa paipi yaikulu yagalasi imene anaipopa mpweya wonse. Mpweya wosakanikirana ukamayenda m'kaliwomo, wopepuka unkathawira kunja kudzera m'timabowo ta dothi, ndipo wolemera unkapitirira mpaka kumapeto. Njirayi anaicha atmolysis.

Atayesa ndi haidrojeni wosakaniza ndi okosijeni, msanganizo umene umaphulika ukayandikira moto, haidrojeni wambiri anathawa ndipo mpweya wotsala sunaphulikenso. Koma atayesa ndi mpweya wamba, phindu linali locepa. Cifukwa cake n'cakuti naitrojeni ndi okosijeni amasiyana pang'ono cabe kulemera, 28 kwa 32, ndipo liwiro lawo limangotsala pang'ono kufanana.

Yankho lina linacokera ku mphira. Kale mu 1829 a Graham anali ataona kuti cikhodzodzo conyowa ca nyama, cokhala ndi mpweya pang'ono m'kati, cikaikidwa mu carbon dioxide cimafufuma kwambiri. Carbon dioxide ndi mpweya wolemera, ndipo mwa lamulo lawo lija sunayenere kulowa msanga motero. Mu 1866 anayesa ndi mphira yopyapyala ndi kupeza zofananazo: carbon dioxide anadutsa mofulumira kuposa naitrojeni koposa ka 13, ndipo okosijeni anadutsa mofulumira kawiri ndi theka.

Iwo anafotokoza kuti mphira ilibe timabowo totseguka monga dothi. Mpweya umayamba wasungunuka m'mphiramo, kuyenda m'kati mwake, kenaka ndi kutulukira mbali inayo, ndipo umene umasungunuka mosavuta ndiwo umapambana. Atakoka mpweya wamba kudzera mu mphira, okosijeni anakwera kucoka pa magawo 21 kufika pafupifupi 41 pa 100, wokwanira kuyatsanso kamtengo kamene kanali kungonyeka. Kufotokoza kumeneku ndiko akatswiri amagwiritsabe nchito ponena za nembanemba za pulasitiki zopatulira mpweya m'mafakitale.

Codabwitsa cacikulu cinacokera ku zitsulo. Akatswiri awiri a ku France, a Henri Sainte-Claire Deville ndi a Louis Troost, anali atapeza kuti haidrojeni amadutsa mu platinum ndi m'citsulo wamba zikatenthedwa kwambiri. A Graham anayesa ndi palladium, citsulo cosowa coyera ngati siliva, ndipo anapeza zinthu ziwiri. Coyamba, palladium yotentha imalola haidrojeni kudutsa koma imatsekereza mitundu ina ya mpweya, motero imatulutsa haidrojeni woyera kucokera mu msanganizo. Caciwiri, citsuloci cimameza haidrojeni wocuruka pafupifupi ka 900 kuposa kukula kwake, ndi kumusunga mpaka citatenthedwanso. Waya wa palladium womeza haidrojeni unkatalika moti n'kuyezeka.

Apa panaoneka poyera kuti mpweya ungathe kusungidwa m'kati mwa cinthu colimba, popanda kuupanikiza m'thanki. Mu 1867 a Graham anatenthanso cidutswa ca mwala wacitsulo wa Lenarto, umene unagwa kucokera kumwamba, ndipo munatuluka mpweya umene wambiri unali haidrojeni.

Pa mfundo imodzi anaphonya. Iwo anakhulupirira kuti haidrojeni ndi nthunzi ya citsulo cina cimene anacicha hydrogenium, ndipo mu 1869 anasulitsa mendulo ya palladium yomeza haidrojeni monga umboni wake. Akatswiri a pambuyo pawo anapeza kuti haidrojeni amangogawika kukhala maatomu, amene amakhala m'mipata ya pakati pa maatomu a palladium. Komabe ziwerengero zimene iwo anayeza zinakhalabe zodalirika.

A Graham sanakwatire. Thanzi lawo linali lofooka m'zaka zotsiriza, ndipo anamwalira ku nyumba kwawo ku Gordon Square mu London m'mwezi wa Seputembala 1869, ali ndi zaka 63. Anaikidwa m'manda a pa Glasgow Cathedral. Mu 1870 boma linaphatikiza udindo wawo wa ku Royal Mint ndi wa nduna ya zacuma.

Zimene zinamera pa nchito yawo

Kaliwo wadothi anapitiriza kugwira nchito a Graham atapita. A Lord Rayleigh ndi a William Ramsay anagwiritsa nchito njira ya atmolysis pa kafukufuku amene anatulukira mpweya wa argon, umene anaulengeza mu 1894. Mu 1913 a Francis Aston anayesa njira yomweyo kupatula mitundu iwiri ya maatomu a neon.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse lamulo la Graham linagwiritsidwa nchito yoopsa. Mu uranium wokumbidwa pansi, mtundu wofunika pa bomba, uranium-235, ndi wosakwana gawo limodzi pa 100. Akatswiri a ku America anasandutsa uranium kukhala mpweya ndi kuupititsa m'makoma a timabowo. Popeza kusiyana kwa liwiro kunali magawo anai okha pa 1,000, anafunika kubwereza kusefako kambirimbiri, ndipo anamanga cinyumba cacikulu ca K-25 ku Oak Ridge m'cigawo ca Tennessee. Fakitaleyi inathandiza kukonza uranium wa bomba limene linaponyedwa pa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945. Njirayi inalowedwa m'malo ndi makina ozungulira mwaliwiro, ndipo fakitale yotsiriza ya mtunduwu ku America, ya ku Paducah, inaleka nchitoyi mu 2013.

M'zaka zomwezo za nkhondo, dotolo wa ku Netherlands, a Willem Kolff, anapanga makina osefa magazi potsatira dialysis. Anayamba kuyesa pa odwala mu 1943, ndipo mu 1945 mai wina wa zaka 67 anakhala woyamba kupulumuka ndi makinawo. Makina a dialysis amene ali m'zipatala zikuluzikulu za m'dziko lino, monga University Teaching Hospital mu Lusaka, amacotsa urea m'magazi mwa njira imene a Graham anaonetsa ndi pepala lawo lija.

Vuto limene kaliwo analephera, lopatula okosijeni ndi naitrojeni, linathetsedwa ndi miyala yochedwa zeolite. Miyalayi ili ndi timabowo tofanana kukula, tambiri mwa ito tosakwana gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. A Richard Barrer, katswiri wobadwira ku New Zealand amene anagwira nchito ku Britain, anaonetsa m'zaka za m'ma 1940 kuti zeolite ingathe kusankha mpweya, ndiponso kuti ingapangidwe ndi anthu. Mu 1960 a Charles Skarstrom a ku America analembetsa njira yogwiritsa nchito zinthu zotere mosinthanitsa.

Zeolite siidalira liwiro monga kaliwo wa a Graham. Mpweya ukapanikizidwamo, naitrojeni amakakamira m'timabowo ndipo okosijeni amapitirira. Mphamvu yopanikizayo ikacepetsedwa, naitrojeni amatuluka ndipo zeolite imakhala yokonzeka kuyambiranso. Makina operekera okosijeni amene amaima pambali pa bedi la wodwala amakhala ndi zitini ziwiri za zeolite zimene zimasinthana, ndipo amapereka okosijeni wa magawo 90 mpaka 95 pa 100 malinga ngati magetsi alipo. Kufunika kwa okosijeni m'zipatala kunaonekera muno m'Zambia pakati pa caka ca 2021, pomwe odwala COVID-19 anacuruka ndipo mpweyawu unaperewera.

Nkhani yosunga mpweya m'zinthu zolimba nayonso inapitirira. Palladium imagwiritsidwa nchito kuyeretsa haidrojeni m'mafakitale, ndipo mabatire a nickel-metal hydride amasunga haidrojeni m'zitsulo zosakaniza. Mu 2025 mphoto ya Nobel ya kemisitiri inaperekedwa kwa a Susumu Kitagawa, a Richard Robson ndi a Omar Yaghi kamba kopanga zinthu zatsopano zochedwa metal-organic frameworks. M'zinthu zimenezi akatswiri amasankha okha kukula kwa timabowo, ndipo mwa zina, makoma a timabowo ta mu galamu imodzi atayalidwa angapose bwalo la mpira. Zikuyesedwa pa nchito yogwira carbon dioxide wocokera m'mafakitale, kusunga haidrojeni ndi kukoka madzi mu mpweya wa m'cipululu.

Bungwe limene a Graham anatsogolera mu 1841 linaphatikizana ndi ena mu 1980 kukhala Royal Society of Chemistry, ndipo maofesi ake a ku Cambridge amachedwa Thomas Graham House. Mu mzinda wa Glasgow, pa bwalo la George Square, cifanizo cawo cinaimikidwa mu 1872. Amene analipira cifanizoco ndi a James Young, kalipentala uja wa m'makalasi a madzulo.